Seva ili bwinobwino koma satifiketi ikukanidwa: vuto la marekodi a DNS

Mu Epulo 2025, bungwe la CA/Browser Forum, komwe amakumana makampani opereka masatifiketi a mawebusaiti (timafayilo totsimikizira dzina la webusaiti) ndi opanga mabulawuza (mapulogalamu otsegulira mawebusaiti) monga Google, Apple, Mozilla ndi Microsoft, linagwirizana zofupikitsa moyo wa satifiketi. Malire akale anali masiku 398. Kuyambira pa 15 Malichi 2026 ndi masiku 200, mu Malichi 2027 atsikira pa 100, ndipo pofika Malichi 2029 satifiketi izikhala masiku 47 okha. Mu Juni chaka chomwecho cha 2025, Let's Encrypt, bungwe lomwe limapereka masatifiketi aulere, linasiya kutumiza maimelo okumbutsa anthu kuti satifiketi yawo yatsala pang'ono kutha.

Zimenezi zikukhudza aliyense amene ali ndi webusaiti muno mu Lusaka, kaya ndi sitolo ya ku Kamwala, sukulu ya ku Chilenje, loji ya ku Kabulonga kapena mpingo wa ku Matero. Satifiketi izikonzedwanso pafupipafupi, ndipo ulendo uliwonse pamakhala mayeso. Mukalephera mayesowo, makasitomala anu amaona tsamba loopsa lija lakuti "Your connection is not private", ambiri n'kubwerera pomwepo.

Zikatere anthu amathamangira ku satifiketi. Amaichotsa, amaikanso, ena amagula ina ya ndalama poganiza kuti yaulereyo ndi yosalimba. Koma nthawi zambiri satifiketiyo ilibe mlandu. Cholakwika chimakhala m'kaundula wa mayina a pa intaneti wotchedwa DNS, kamzere kamodzi kamene wina anakalemba molakwika kapena anaiwala kukafufuta miyezi yapitayo.

Satifiketi imanena chiyani kwenikweni

Satifiketi ndi kafayilo kamene seva, kompyuta yosunga webusaiti, imaonetsa kwa bulawuza, yomwe ndi pulogalamu yotsegulira mawebusaiti monga Chrome kapena Firefox. Mkati mwake muli mayina amene satifiketiyo ikuimira, tsiku loyamba ndi lomaliza kugwira ntchito, kiyi yobisira mauthenga, ndi siginecha ya bungwe limene laipereka. Bulawuza imayang'ana zinthu zitatu: kodi dzina limene munthu walemba lilimo, kodi masiku sanathe, ndipo kodi wosainayo ndi wodalirika. Chimodzi chikaperewera, chenjezo limatuluka.

Satifiketi wamba sinena kuti mwini webusaiti ndi munthu wokhulupirika. Imangonena kuti amene anaipempha anaonetsa kuti ali ndi ulamuliro pa dzinalo. Ndiye funso lonse lagona pamenepa: woperekayo amadziwa bwanji kuti dzina ndi lanu, poti sanakuoneni n'komwe?

Kaundula wa mayina

Makompyuta amapezana ndi manambala otchedwa adiresi ya IP. Anthufe timakumbukira mayina. Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi DNS, kaundula wogawikana padziko lonse amene amati dzina lakuti lili pa nambala yakuti. Dzina limene munagula, lotchedwa domeni, lili ndi tsamba lake m'kaundulamo, ndipo mzere uliwonse wa patsambapo ndi rekodi. Mayina othera ndi .zm amayang'aniridwa ndi ZICTA, koma marekodi a domeni yanu amalembedwa ndi inu kapena amene munam'patsa ntchitoyo.

Marekodi amene akutikhudza ndi ochepa. Rekodi ya A imaloza ku adiresi ya IPv4, ya manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho. Ya AAAA imaloza ku adiresi ya IPv6, mtundu watsopano wautali. Ya CNAME imati dzina ili ndi longotchulira, lenileni ndi lakuti. Ya TXT imasunga mawu alionse. Ya CAA imatchula mabungwe ololedwa kupereka satifiketi ya dzinalo. Ndipo ya NS imanena maseva amene ali ndi mawu omaliza pa marekodi ena onsewo.

Mayeso amayenda motere

Tiyerekeze kuti mwapempha chikalata chotsimikiza kuti nyumba ndi yanu. Ofesi sikufunsani zambiri. Ikupatsani kapepala ka nambala yachinsinsi n'kunena kuti mukamate pachitseko, kenako ituma mesenjala ku nambala ya puloti imene yalembedwa m'buku lake. Ngati munasamukira ku Chilenje koma m'bukumo mukadali Kabwata, mesenjalayo akagogoda ku Kabwata, sakapeza kapepala, ndipo chikalata sichituluka, ngakhale inu mutamata kapepalako mooneka bwino pachitseko cha ku Chilenje.

Njira yofala kwambiri, yotchedwa HTTP-01, imayenda chimodzimodzi. Pulogalamu ya pa seva yanu, monga Certbot kapena AutoSSL ya mu cPanel, imapempha satifiketi. Woperekayo amaipatsa mawu achinsinsi kuti iwaike m'foda ya /.well-known/acme-challenge/. Kenako iye amafunsa DNS kuti dzinalo lili kuti, n'kupita ku adiresi imeneyo kudzera pa port 80, khomo limene seva imalandirirapo alendo a HTTP, njira yotsegulira mawebusaiti yosabisa mauthenga. Akapeza mawu aja, satifiketi imatuluka.

Njira ina ndi DNS-01. Apa woperekayo sabwera ku seva. Mawu achinsinsiwo mumawalemba m'rekodi ya TXT pa dzina loyamba ndi _acme-challenge, iye n'kuwawerenga m'kaundula momwemo. Ku Let's Encrypt, satifiketi ya kanyenyezi, yolembedwa ngati *.example.com, yomwe imakwirira mayina a pansi pa domeni, imapezeka kudzera mu DNS mokha.

M'njira zonse ziwiri, woperekayo amaona zimene DNS ikuuza dziko lonse, osati zimene laputopu yanu ikuona. Kuyambira 2020, Let's Encrypt imafunsa kuchokera m'malo angapo osiyana padziko, n'cholinga choti wakuba asanamize njira imodzi n'kutenga satifiketi ya dzina la mwini wake. Choncho mawu akuti "koma kwa ine ikutseguka" si umboni wa chilichonse.

Pamene pamaduka chingwe

Mavuto ambiri amabadwa tsiku losamutsa webusaiti kuchoka ku kampani ina kupita ku ina. M'zitsanzo zonse ndigwiritsa example.com, dzina losungidwira zitsanzo.

Choyamba n'chosavuta. Wosamutsayo wasintha rekodi ya A ya example.com koma waiwala ya www.example.com. Kwa anthufe awa ndi malo amodzi, koma kwa DNS ndi mayina awiri osiyana. Wolemba dzina lopanda www akufika pa seva yatsopano, wolemba ndi www akugwera pa yakale, yomwe mwina tsopano ikuonetsa satifiketi ya kasitomala wina. Chrome imalemba kuti NET::ERR_CERT_COMMON_NAME_INVALID, Firefox imati SSL_ERROR_BAD_CERT_DOMAIN. Onsewo akutanthauza kuti satifiketi ilipo koma dzina lanu mulibe. Pena munthu amawonjezera rekodi ya A yatsopano osafufuta yakale. DNS imapereka zonse ziwiri, ndiye webusaiti imatseguka bwino m'mawa, masana n'kukana, madzulo n'kutsegukanso. Vuto likamabwera modumphadumpha chonchi, werengani marekodi a A kuti alipo angati.

Chachiwiri ndicho chimazunza anthu kwambiri, ndipo ndikhalitsapo. Makampani ambiri osunga mawebusaiti amaika okha rekodi ya AAAA osakuuzani. Posamuka, inu mukusintha A, AAAA ikutsala ikuloza kwakale. Ngati intaneti ya mu ofesi mwanu ikuyendera IPv4 yokha, simuona cholakwika chilichonse: webusaiti ikutseguka, satifiketi imene munaikopera ku seva yatsopano ikugwira ntchito. Koma Let's Encrypt ikapeza AAAA imayambira kumeneko. Seva yakale ikayankha kuti fayiloyo kulibe, mayeso alephera.

Choipa chake n'chakuti kulepherako sikuoneka tsiku lomwelo. Satifiketi ya Let's Encrypt yakhala ikukhala masiku 90, ndipo Certbot imayamba kuyesa kuikonzanso kukatsala masiku 30. Imayesa tsiku ndi tsiku, ikulephera mwakachetechete, ikulemba madandaulo ake m'fayilo imene palibe amaiwerenga. Podzafika tsiku loti webusaiti yatsekeka, papita mwezi umodzi mpaka miyezi itatu chisamukireni, wosamutsa uja analipidwa kalekale, ndipo palibe amene akuganiza kuti zinthu ziwirizi zikukhudzana. Kale imelo yokumbutsa ija inkapulumutsa ambiri. Pano kulibe. Mankhwala ake ndi amodzi mwa awiri: lozetsani AAAA ku adiresi ya IPv6 ya seva yatsopano, kapena ifufuteni ngati sevayo ilibe IPv6.

Chachitatu ndi dzina lakufa. Satifiketi imodzi imatha kunyamula mayina angapo, monga example.com, www.example.com ndi shop.example.com. Poikonzanso, dzina lililonse liyenera kupambana mayeso. Mukatseka sitolo ya pa intaneti n'kufufuta rekodi ya shop, koma dzinalo n'kutsala pa mndandanda wa satifiketi, Certbot ilephera yonse chifukwa cha dzina limodzilo. Uthenga wake umakhala ndi mawu akuti NXDOMAIN, kutanthauza kuti dzinalo m'kaundula mulibe. Werengani bwino dzina limene latchulidwa pambali pa mawuwo, chifukwa kawirikawiri si limene mukuliganizira.

Kulemba m'buku losawerengedwa

Pali anthu amene amakonza rekodi molondola, n'kudikira tsiku lonse, osaona kusintha. Amauzidwa kuti dikirani, zikufalikira. Kudikira kuli ndi malo ake: rekodi iliyonse ili ndi nambala yotchedwa TTL, masekondi amene maseva ena amaloledwa kusunga yankho lakale. TTL ya 3600 ndi ola limodzi, ya 86400 ndi tsiku lathunthu. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amatsitsa TTL kufika pa 300 kukatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti asamuke. Koma nthawi ya TTL ikadutsa zinthu zili chimodzimodzi, kudikiranso n'kungotaya nthawi.

Chimene chimachitika n'chakuti domeni imodzi imatha kukhala ndi malo atatu olembapo marekodi: kumene munagula dzina, kumene mukusunga webusaiti, ndi kwina monga ku kampani ya Cloudflare. Malo onsewo amakulolani kulemba n'kukuuzani kuti zasungidwa. Koma dziko limawerenga malo amodzi okha, amene marekodi a NS akuloza. Musanasinthe chilichonse, funsani kaye kuti NS ikuloza kuti. Mwa zonse zimene ndalemba pano, iyi ndi mfundo imene ndikanakonda kuti aliyense wosamalira webusaiti aigwire.

Pa rekodi ya TXT palinso misampha yake. Mapanelo ambiri, masamba amene mumalembapo marekodi, amawonjezera okha dzina la domeni kumapeto kwa zimene mwalemba. Mukalemba dzina lonse, zimatuluka _acme-challenge.example.com.example.com, ndipo woperekayo sapeza kanthu pamene akuyang'ana. Pa mapanelo otere mumalemba _acme-challenge pokha. Ndipo mukapempha satifiketi ya example.com pamodzi ndi ya kanyenyezi, mupatsidwa mawu achinsinsi awiri oti akhale pa dzina limodzimodzilo nthawi imodzi. Ambiri amafufuta oyamba polemba achiwiri. Dziwaninso kuti kanyenyezi kamakwirira sitepe imodzi yokha: shop.example.com ilimo, koma example.com yeniyeniyo ndi a.shop.example.com mulibe.

CAA ndi DNSSEC: alonda amene angakutsekereni kunja

Kuyambira Seputembala 2017, wopereka satifiketi aliyense amakakamizidwa kuwerenga rekodi ya CAA asanapereke. Ngati palibe, aliyense ndi wololedwa. Ngati ilipo ndipo yatchula bungwe limodzi, ena onse ayenera kukana. Ndi chitetezo chabwino, koma chimakutembenukirani mukasintha wopereka n'kuiwala rekodiyo. Kuti Let's Encrypt iloledwe, pamafunika rekodi ya CAA yokhala ndi mawu akuti issue, yotchula letsencrypt.org. CAA imagwiranso kuchokera pamwamba: dzina laling'ono likakhala lopanda CAA yakeyake, woperekayo amakwera kukawerenga ya domeni yaikulu. Nthambi ya bungwe imene ili ndi dzina pansi pa domeni ya likulu ingakanidwe chifukwa cha rekodi imene siinaionepo.

DNSSEC ndi njira yosainira mayankho a DNS kuti asapotozedwe panjira. Imadalira rekodi ya DS, yomwe imakhala kumene munagula dzina, ndipo iyenera kugwirizana ndi makiyi a kumene marekodi anu akukhala. Mukasamutsa DNS n'kusiya DS yakale, siginecha sizigwirizana. Maseva amene amafufuza siginecha, monga 8.8.8.8 ya Google ndi 1.1.1.1 ya Cloudflare, amayankha kuti SERVFAIL. Amene safufuza amayankha ngati palibe vuto. Ndiye anthu ena akutsegula webusaiti, ena ayi, ndipo Let's Encrypt, yomwe imafufuza, ikukana. Apa mumakonza DS kuti igwirizane ndi makiyi atsopano, kapena mumaichotsa kaye kwa ogulitsa dzina mpaka mutakhazikika.

Kufufuza mwadongosolo

Yambani ndi kuwerenga uthenga wa kulephera mpaka kumapeto. Umatchula dzina limene lakanidwa, ndipo nthawi zambiri umatchulanso adiresi imene woperekayo anafikako. Yerekezani adiresiyo ndi ya seva yanu. Zikasiyana, mwapeza kale vuto. Ikakhala yaitali ya timadontho tiwiritiwiri, ndi IPv6, pitani ku AAAA.

Kenako funsani DNS nokha. Pa Linux ndi Mac pali pulogalamu ya dig, pa Windows pali nslookup. Lembani dig NS example.com kuti mudziwe buku lenileni. Tsatirani ndi dig A, dig AAAA ndi dig CAA, pa dzina lililonse limene lili pa satifiketi, osaiwala la www. Funsani kawiri: kamodzi kwa seva ya NS mwachindunji, polemba chizindikiro cha @ ndi dzina lake, kenako kwa 8.8.8.8. Seva ya NS ikapereka yankho lolondola koma 8.8.8.8 n'kupereka lakale, ndi nkhani ya TTL, dikirani. Seva ya NS yomweyo ikapereka lolakwika, rekodi sinakonzedwe pamalo oyenera. Mukalandira SERVFAIL, bwerezani funsolo mutawonjezera +cd, zomwe zimauza seva kuti isafufuze siginecha. Yankho likabwera tsopano, vuto ndi DNSSEC.

Amene sakonda kulemba malamulo pa kompyuta angagwiritse ntchito webusaiti ya Let's Debug, yomwe imayesa dzina monga momwe Let's Encrypt ingachitire, kapena DNSViz, yomwe imajambula pamene unyolo wa DNSSEC wadukira. Pa webusaiti ya crt.sh mumaona masatifiketi amene anaperekedwapo pa dzina lanu ndi masiku ake, ndipo pamene mndandanda unalekera ndi pafupi ndi pamene wina anasintha chinachake.

Onaninso fayilo ya hosts pa kompyuta ya wopanga webusaiti, kamndandanda ka mayina ndi maadiresi kamene kompyutayo imawerenga isanafunse DNS. Posamuka, ambiri amalembamo adiresi yatsopano kuti ayesere, n'kuiwala kufufuta. Kompyuta imeneyo imapita ku seva yatsopano ngakhale DNS ikunena zina.

Musamangobwereza pempho muli ndi chiyembekezo choti mwina ulendo uno zitheka. Let's Encrypt imalola kulephera kasanu pa ola pa dzina limodzi, kenako imakuimitsani kaye. Ili ndi malo oyeserera otchedwa staging amene malire ake ndi otakasuka, ndipo certbot renew --dry-run imayesa kumeneko. Yesani kumeneko mpaka zitheke, kenako pemphani yeniyeni.

Zina si za DNS

DNS ikakhala yolondola, yang'anani port 80. Ena amaitseka poganiza kuti poti webusaiti ili pa HTTPS, njira yobisa mauthenga yodalira satifiketi, khomolo lilibenso ntchito, chonsecho HTTP-01 imalowera pomwepo. Ena amatchinga alendo onse ochokera kunja kwa Zambia pofuna kuchepetsa akuba, n'kutchingira limodzi wopereka satifiketi. Amene asunga seva mu ofesi momwemo akumbukire kuti magetsi akazima sevayo siyankha, komanso kuti mizere ina ya intaneti imagawana adiresi imodzi pakati pa makasitomala ambiri, moti wochokera kunja sangafike pa seva yanu. Kwa otere DNS-01 ndiyo njira yabwino, poti sifuna kuti sevayo ifikirike.

Chenjezo likamaoneka pa foni imodzi yokha, onani tsiku ndi nthawi ya foniyo. Wotchi yosokonekera imapangitsa satifiketi yabwino kuoneka yakutha. Mafoni akale kwambiri a Android, a m'munsi mwa 7.1.1, sadziwa muzu wa masatifiketi a Let's Encrypt, satifiketi yaikulu imene ena onsewo amadalira, ndipo pamenepo marekodi alibe chochita.

Kwa inu ongotsegula webusaiti, musadutse chenjezo pa tsamba limene mukulembapo pasiwedi, nambala ya NRC kapena za ndalama. N'kutheka kuti mwini wake wangoiwala rekodi, koma kuchokera pa foni yanu simungasiyanitse kuiwalako ndi wakuba amene wakhala pakati.

Marekodi osiyidwa, ndi amene asunga makiyi

Rekodi yoiwalika imatha kuchita zoposa kutseka webusaiti. Popeza satifiketi imaperekedwa kwa amene akuyankha kumene DNS ikuloza, dzina limene likulozabe ku adiresi kapena ntchito imene munaisiya lingagwe m'manja mwa amene waitenga pambuyo panu. Iyeyo angapambane mayeso, n'kulandira satifiketi yovomerezeka ya dzina lanu, bulawuza osachenjeza aliyense. Choncho mukatseka ntchito, fufutani rekodi yake tsiku lomwelo.

Chimene chimandidetsa nkhawa m'mabizinesi ang'onoang'ono ndi umwini wa akaunti. Kawirikawiri domeni inalembetsedwa pa imelo ya mnyamata amene anapanga webusaiti zaka zapitazo, ndipo mwini bizinesi sadziwa n'komwe kumene dzina linagulidwa. Kukonza AAAA yotsalira ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma popanda pasiwedi ya kumene NS ikuloza, ntchitoyo imaima mpaka mnyamatayo apezeke. Domeni ikatha osalipiridwa zimafika poipa: ogulitsa dzina amatha kuilozetsa ku tsamba lawo, ndipo satifiketi imene ili pa seva yanu sionekanso kwa aliyense.

Mwini bizinesi safunika kudziwa dig. Afunika kukhala ndi pepala lolembapo kumene dzina linagulidwa, tsiku lolipiranso, kumene NS ikuloza, ndi imelo ya bungwe imene akauntizo zalembetsedwa. Wosamalira webusaiti naye aike chida choyang'anira satifiketi kuchokera kunja, choti chizimuchenjeza masiku otsala akachepera 20, chifukwa pofika pamenepo Certbot imakhala italephera kale kwa masiku 10.